Nyimbo Zamapasa

M'tchalitchi cha kwathu, kunyanja pakati pa Chintheche ndi Kande, nambala ya nyimbo sinkalengezedwa. Mlaliki ankangoti, "Tiyimbe nyimbo yoyamba," aliyense n'kukweza maso pa bolodi limene linali pakhoma pafupi ndi gome. Alendo zinkawadabwitsa. Mwambowu anauyambitsa ndi bambo anga, amene ife m'Chitonga chathu tinkawatchula kuti Ada, koma mudzi wonse unkati asambizi, chifukwa anaphunzitsa sukulu ya m'mudzimo kuyambira ine ndisanabadwe. Iwo ankati munthu ukamamuuza zonse m'khutu, maso ake amachita ulesi. Ukufuna kuyimba, werenga wekha.

Bolodilo anasema okha kuchokera ku bwato lakale limene linasweka ndi mphepo ya mwera. Linali ndi mizere inayi ya nyimbo zinayi, ndipo mzere uliwonse unali ndi misomali itatu. Manambala anali pa timatabwa tating'ono ngati chikhatho cha mwana, kuyambira 1 mpaka 9, kuphatikizapo noti, amene ana a masiku ano amati ziro. Timatabwato tinkakhala m'kabokosi ka sopo, ndipo kabokosiko kankagona kunyumba kwathu, pamtanda wa denga pamene mwana sangafikire. Msomali wa kumanja unali wa amodzi, wapakati wa makumi, wa kumanzere wa mazana. Zimenezi kwathu ankazidziwa ngakhale anthu amene sanagwirepo sileti chibadwire.

"2 ameneyu," ankatero Ada, "mukamupachika kumanja ndi usipa uwiri, mwana yemwe sakhuta. Musuntheni kamodzi, ndiwo za banja zapezeka. Musunthenso, kaitaneni apongozi."

Anthu ankaseka, koma zinkalowa.

Ine ndinakula ndi matama chifukwa cha bolodi limeneli, ndisaname. Ndinali mwana wa asambizi, masamu ndinkawadziwa kuposa anyamata a m'kalasi mwanga, ndipo pakamwa panga sipankachedwa kuwakumbutsa zimenezo. Nditakwatiwa, amuna anga anapita kukagwira ntchito ku Halale monga ankachitira amuna ambiri a kwathu, makalata n'kumabwera mwa apo ndi apo. Amayi anamwalira m'zaka zija asilikali atangobwerako ku nkhondo yachiwiri, ndiye ndinabwerera kunyumba kwa Ada kuti ndizikawaphikira. Pa uphunzitsi anali atapuma kale. Kulalikira anali atasiyira ena chifukwa mpweya unkawathera pakati pa chiganizo. Chimene chinatsala m'manja mwawo chinali kabokosi kaja basi. Lamulungu lililonse ankavala jekete yawo yakuda, n'kulowa anthu atakhala kale, n'kupachika manambala mpingo wonse ukuona, kenaka n'kukakhala pa benchi ya akulu ampingo kutsogolo. Kupachikiratu anthu asanabwere, ayi. Ankati phunziro silichitika m'kalasi mopanda ana.

Woyambitsa nyimbo anali msodzi wina wamkulu kwa ine, amene nayenso anadutsa m'manja mwa Ada ali mwana. Mwambi uja wakuti ukaipa dziwa nyimbo unkachita ngati anaupekera iyeyo. Nkhope inali ya pamenepo, koma akatsegula pakamwa, ndi ogontha omwe ankatembenuka. Ntchito yake inali kuyang'ana pa bolodi, kutsegula buku pa nambalayo, n'kuyamba. Pa zaka zonsezo sanakhalepo ndi chifukwa chokayikira chimene chinali pa bolodi.

Tsiku loyamba limene zinasokonekera linali Lamulungu limene mkwati ndi mkwatibwi ena anabwera kudzaonekera m'tchalitchi atangomanga ukwati. Nyimbo imene inasankhidwa inali 14, yachimwemwe. Ada anapachika 41. Woyambitsa nyimbo anatsegula buku n'kuyamba ndi mtima wonse, ife n'kulandira, ndipo tinamaliza ndime yathunthu tisanazindikire kuti tikuyimba nyimbo imene timaperekezera maliro kumanda. Amayi ake a mkwatibwi anatuluka akulira kuti amenewa ndi malodza. Ine ndinangoti aliyense amapunthwa, ndipo amene anayerekeza kundiseka panja ndinamuyankha moti sanabwerezenso.

Koma sikunali kupunthwa kwa tsiku limodzi. Patapita milungu ingapo anapachika 52 m'malo mwa 25, kenaka 310 m'malo mwa 103. Chodabwitsa n'chakuti timatabwa ankatola toyenera nthawi zonse. Sanatolepo 7 pofuna 4. Koma akangotembenukira ku bolodi, koyamba ndi kati, kotsatira ndi kati, zonse zinkawabalalikira. Kunyumba nakonso zinayamba kuoneka. Ankavala jekete asanavale malaya, ankasamba m'manja atamaliza kudya n'kukhala pansi kudikira chakudya. Zakunyumbazo ndinkazibisa bwinobwino, chitseko chinalipo. Koma bolodi linali pamaso pa mudzi wonse.

Manyazi amene ndinali nawo sindingawachepetse. Kudambo kumene tinkaviika chinangwa, amayi ankangoti zii ndikafika. Wina amene ndinamuseka kalekale kusukulu chifukwa cholephera kuchotsera anapeza mpata wake. "Mwana wa asambizi," anatero uku akusenda chinangwa chake, "mawa tibwere ndi nsalu ya ukwati kapena ya maliro?" Ine amene sindinkasowa choyankha, tsiku limenelo ndinangowerama n'kumafinya chinangwa changa. Ndinayamba kupita kudambo dzuwa lili pamutu, nthawi imene anzanga anali atabwerera kale.

Madzulo ena woyambitsa nyimbo uja anandipeza ndikusinja pabwalo. Anakhala pa mtondo wogona, chipewa chili m'manja, n'kuyamba ndi za mphepo ndi za utaka umene unasowa, mpaka anafika pa chimene anadzera.

"Mlongo wanga, akulu ampingo akhala pansi. Ati asambizi akalakwitsanso, kabokosi katengedwe."

"Katengedwe ndi ndani? Bolodilo anasema ndi ndani?"

"Ine ndangotumidwa. Nanenso zikundipweteka."

"Alongo, kabokosi kaja kakachoka m'nyumba muno, munthu uja atsala ndi chiyani? Azidzukira chiyani Lamulungu?"

Anangotembenuza chipewa chake n'kutsanzika.

Ndinaganiza zowaphunzitsa. Inde, ine, kuphunzitsa asambizi malo a manambala. Masana ena ndinajambula mizere itatu pamchenga wa pakhonde, n'kutenga bango loduladula, lina lomanga m'mitolo ya khumikhumi monga ankachitira iwo kusukulu. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Koma anakhala chowongoka, manja pa maondo, n'kumandiyang'ana pakamwa. Ndikati ikani 25, ankaika bwinobwino. Ndikafufuta n'kunena kuti ikaninso, ankaika 52. Tinabwereza, tinabwerezanso, mpaka mtima wanga wapachala uja unadzuka.

"Awa, Ada! Makumi pakati! Ndakuuzani kangati?"

Anandiyang'ana, kenaka pang'onopang'ono anatambasula dzanja lawo lamanja, chikhatho chili m'mwamba, monga ankachitira ana a sukulu podikira ndodo. Bango linali m'manja mwanga. Ndinalitaya pansi n'kuthawira kuseri kwa nyumba, ndipo sindinayesenso kuwaphunzitsa.

Komabe mutu wanga sunasiye kuwerenga. Ndikusinja, ndikutunga madzi, ndinkangoona timatabwa tija tikusinthana malo. Panali phunziro lina limene Ada ankalikonda kwambiri kusukulu. Ankapereka timatabwa titatu tosiyana, monga 1, 2 ndi 3, n'kufunsa kuti tingapange manambala angati. Ana ankangolotera, wina atatu, wina khumi. Iwo ankati osathamanga, gwira kamodzi kakhale kutsogolo, tiwiri totsalato usinthanitse, ukatero upatse kena mpando wakutsogolo. Zinkatuluka motere: 123, 132, 213, 231, 312, 321. Njira zisanu ndi imodzi, palibenso ina. Ndili mwana phunziroli linkandisangalatsa. Tsopano linkandiuza kuti pa nyimbo iliyonse ya manambala atatu osiyana, Ada anali ndi njira imodzi yokhozera ndi zisanu zochitira manyazi.

Ndinapitiriza kuwerenga ngati munthu wofuna pothawira. Nyimbo ya manambala awiri ili ndi njira ziwiri zokha, ina yabwino ina yoipa. Timatabwa tiwiri tikafanana pa titatu, monga 1, 1 ndi 2, njira zimatsika kufika pa zitatu: 112, 121, 211. Ndipo tsiku lina ndili ndi mtsuko pamutu ndinaima chilili panjira. Nanga 22? Timatabwa tiwiri tofanana, usinthanitse mmene ungafunire, ndi 22 yemweyo. Nyimbo yotere munthu sangailakwitse ngakhale atatseka maso.

Nditafika kunyumba ndinaziwerenga zonse. Za nambala imodzi, kuyambira 1 mpaka 9. Zofanana ziwiri, kuyambira 11 mpaka 99. Zofanana zitatu zinali 111, 222 ndi 333, poti buku lathu silinkafika pa 444. Koma 6 ndi 9 ndinawachotsa pamodzi ndi 66 ndi 99, chifukwa Ada, posafuna kuwononga matabwa, anapanga kathabwa kamodzimodzi koboola mbali zonse ziwiri, kakhale 6 kapena 9 malinga ndi mmene wakapachikira. Kameneko sindikanakakhulupirira. Zinatsala nyimbo khumi ndi zisanu ndi ziwiri zimene Ada sakanazilakwitsa.

Alaliki a m'mudzi mwathu anali akulu ampingo omwewo, osinthanasinthana, ndipo kusankha nyimbo ankasiyira woyambitsa nyimbo, poti ndiye ankadziwa zimene anthu angazithe. Ndinamulondola kugombe kumene ankasoka ukonde wake wa chilimira. Ine amene ndinali ndisanapemphepo kanthu kwa munthu m'mudzimo, ndinagwada pamchenga anyamata ake akuona. Ndinamufotokozera zonse, ndikulemba manambalawo ndi chala. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mlongo wanga, 33 ndi ya Khirisimasi."

"Ndani analetsa kukondwerera kubadwa kwa Ambuye mwezi wina?"

"Nanga 88? Imeneyi ndi ya madzulo, yopempha tulo tabwino. Tiziyimba m'mawa?"

"Ena amagona ndithu ulaliki ukayamba."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anasiya. "222 palibe amene amadziwa mayimbidwe ake. Ngakhale ine."

"Inu, alongo, mungasowe mayimbidwe?"

Anapukusa mutu n'kufufuta manambala aja ndi phazi kuti anyamata asaone. "Anandiphunzitsa kulemba dzina langa," anatero. "Tiyesa."

Tinayesadi. Nyengo yonse ya mwera mpingo wathu unayimba nyimbo khumi ndi zisanu ndi ziwiri zokhazokha, kuzitembenuza uku ndi uku ngati usipa pa thandala. Tinayimba za abusa a nkhosa ndi mwana m'khola tikunjenjemera ndi chisanu cha mwezi wa Juni. Tinapempha tulo tabwino dzuwa litangokwera. Nyimbo 222 anaipezera mayimbidwe amene aliyense wa kunyanja anawazindikira, chifukwa anali a nyimbo imene asodzi amapalasira bwato, kungoti anaichedwetsa kuti imveke yachikhristu. Amuna ena ankagwedeza mapewa osadziwa. Ada akapachika 7 pa msomali wa mazana, umene kale akanamukoka nawo khutu mwana, anthu ankawerenga 7 yemweyo n'kuyimba.

Musaganize kuti anthu sanaone. Mudzi umene unaphunzira manambala pa bolodi lomwelo ukanalephera bwanji kuona? Ana ndi amene anazipatsa dzina, ankati nyimbo zamapasa. Lamulungu m'mawa ankapikisana panjira kulotera kuti lero kubwera mapasa ati. Mayi uja wa kudambo anandifunsa mokweza kuti, "Kodi buku lathu lija chiswe chinadya masamba ena onse?" Akulu ampingo sananene kanthu, poti cholakwa panalibe choti aloze. Koma ine ndikakhala kumbali ya amayi, nyimbo ya Khirisimasi ikuyambika kachitatu, ndinkangoyang'ana pansi. Ndinkadziwa kuti aliyense akudziwa amene anaphika zimenezi, ndi chifukwa chake. Mpingo wonse unkayimba chifundo pa bambo anga, ndipo chifundocho chinkandiwawa kuposa chipongwe.

Amene sankadziwa anali Ada okha. Anayambanso kudya bwino, kondowole ankamaliza mbale. Tsiku lina pobwerera kunyumba ananditsina pamkono n'kunena kuti, "Waona, mwana wangu? Dzanja labwerera. Kunali kutopa chabe kuja." Ndinavomera kuti inde, kunali kutopa. Maso ndinayang'ana kunyanja.

Abusa kwathu ankabwera patalipatali, kudzadyetsa mgonero ndi kubatiza, ndipo likakhala tsiku limenelo anthu ankachokera kutali, ena wapansi, ena pa mabwato, n'kugona kwa abale. Chaka chimenecho kunabwera abusa atsopano ochokera kumapiri, olankhula Chitumbuka, aatali, achangu pa zonse. Za mudzi wathu sankadziwa kanthu. Loweruka masana woyambitsa nyimbo anabwera kunyumba thukuta lili kamukamu.

"Asankha okha," anandinong'oneza kuseri kwa nkhokwe. "Ndinayesa kutchula 33, anandiseka kuti Khirisimasi pa mgonero? Yoyamba ndi 213."

Manambala atatu osiyana, ndipo omwe aja a phunziro lija. Anandiuzanso zina zitatuzo, zonse zovuta.

"Pitani mukawafotokozere abusawo," anatero. "Ndi munthu, amva."

Ndinavala nsalu yabwino n'kunyamuka. Ndinafika mpaka pa mtengo wa mango umene unali pafupi ndi nyumba imene anafikira, ndinawaona atakhala pakhonde ndi akulu ampingo akumwa tiyi. Ndikanayamba bwanji? Kuti bambo anga, amene anaphunzitsa onse mwakhala nawowa, sathanso kusiyanitsa makumi ndi mazana? Kuti miyezi yonseyi mpingo wakhala ukuyimba zosankha mkazi? Ndinaima, ndinaima, kenaka ndinabwerera. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo ine ndinawadziwa mawuwo bwino lomwe pamene ndinkabwerera.

M'malo mwake ndinachita zanzeru zanga. Ada atapita kukasamba kunyanja, ndinatsitsa kabokosi, ndinasanja timatabwa ta nyimbo iliyonse m'dongosolo lake, n'kutimanga ndi luzi, kakutsogolo pamwamba. Ndinati akamasula, azingotenga kapamwamba n'kupachika, kotsatira n'kupachika. M'mawa mwake atavala jekete anatsegula kabokosi pakhonde, monga ankachitira nthawi zonse, n'kuona timitolo tija.

"Ana asewera ndi kabokosi," anadandaula. Anamasula luzi lonse mosamala, n'kusanja timatabwa mwa masiku onse, ma 1 paokha, ma 2 paokha. Ine ndinali chilili pakhomo, ndikuonerera.

Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Patsogolo panali tebulo loyala nsalu yoyera. Mkulu wampingo wina anapatsa Ada sileti imene abusa analembapo nyimbo zinayi zija. Ada anaiyang'ana, anatola 2, 1 ndi 3 osaphonya, anaika siletiyo pa benchi chafufumimba, n'kupita ku bolodi. Abusa, amene anali atauzidwa za mwambo wathu, anati, "Tiyimbe sumu yakwamba," kutanthauza nyimbo yoyamba, n'kudikira.

Ada anapachika 123.

Woyambitsa nyimbo sanatsegule pakamwa. Anangoyang'ana pansi, buku lili chotseka. M'tchalitchi munali zii, moti tinkamva mafunde. Ada anadikira nyimbo, nyimbo osabwera. Anayang'ananso pa bolodi, anachotsa timatabwa tiwiri takumapeto n'kutisinthanitsa. 132. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, anayang'ana, n'kupitanso. Pamenepo ndinazindikira chimene ankachita. Anatsitsa 1, anapereka mpando wakutsogolo kwa 2.

213.

Woyambitsa nyimbo anailumphira ngati mphaka. Anayamba ndi mawu onse amene Mulungu anamupatsa, ife a m'mudzimo n'kulandira mwamphamvu kuposa kale lonse, ngati kuti tikakweza mawu Ada akhala pansi. Ndinapuma. Ndinati tapulumuka.

Koma Ada anali asanamalize. Ndime yoyamba ili pakati, anatambasula dzanja n'kusintha. 231. Alendo amene anali ndi mabuku anaona bolodi lasintha, anayamba kutsegula masamba kufunafuna. Ena anasiya kuyimba. 312. Ana a m'mawindo anayamba kuseka, wina anawerenga mokweza. Woyambitsa nyimbo analimbikira yekha ndi amayi owerengeka, mpaka nayenso anagonja. Pamene Ada ankapachika 321, nyimbo inali itafa.

Anatembenuka n'kuyang'ana mpingo. Anasasa m'manja ngati muli choko. Ndipo ndi mawu amene ndinali ndisanawamve kwa zaka, mawu a m'kalasi, omveka mpaka panja, anati:

"Zakwana zisanu ndi imodzi. Alipo wapeza ina?"

Kumbali ya abambo, amuna a imvi, asodzi ndi akulu ampingo omwe, anayankha asanaganize, onse pamodzi ngati ana: "Palivi, asambizi." Palibe, aphunzitsi.

Alendo anaphulika kuseka. Sindiwaimba mlandu, akanadziwa bwanji? Kusekako n'kumene kunawadzutsa Ada. Anayang'ana anthu osawadziwa aja, anayang'ana tebulo la nsalu yoyera, anayang'ana abusa. Nkhope yawo inagwa ndikuona. Anatembenukiranso ku bolodi, dzanja lili m'mwamba, osadziwa kathabwa koti agwire.

"Nanga timafuna iti?" anafunsa chapansipansi, osafunsa munthu aliyense.

Abusa anaweramira kwa mkulu wampingo amene anali naye pafupi. Sanalankhule mwaukali, ndikuganiza kuti anamva chisoni, koma anali ndi mawu a paguwa amene sadziwa kunong'ona.

"Kasi ŵadada aŵa ŵalije ŵana?"

Kodi bambo awa alibe ana? Mitu yonse ya kumbali ya amayi inatembenukira kwa ine. Ndinali nditaphimba nkhope ndi nsalu, sindikudziwa kuyambira liti. Mayi uja wa kudambo, yemwe uja wa chipongwe, ndi amene anandigwira pabondo n'kunena motsitsa kuti, "Dzuka, katenge awuso." Kadzitengere bambo ako. Ndinadzuka. Ndinadutsa pakati pa anthu, kupita kutsogolo kumene mkazi sankapondako pa nthawi ya mapemphero. Ndinawagwira Ada pa mkono wa jekete. Sanakane. Anandilondola ngati mwana amene wamupeza akusewera pamoto.

Tisanafike pakhomo ndinamva abusa kumbuyo kwathu akulengeza nambala ya nyimbo ndi pakamwa, 213, momveka bwino, kawiri. Mgonero wa chaka chimenecho tonse awiri sitinadye. Tinayenda m'mphepete mwa minda ya chinangwa, nyimbo ikutitsatira kumbuyo, ndipo inkayimbika bwino.

Akulu ampingo sanavutike n'kukhalanso pansi. Kabokosi kanatsala m'tchalitchi tsiku lija, woyambitsa nyimbo anakatenga n'kupita nako kwake. Mlungu wonsewo sanadutse pakhomo pathu, ankazungulira njira ya kugombe. Ada sanafunse kanthu, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina aiwala zonse, kuti matenda omwewo awachitira chifundo.

Lamulungu lotsatira anadzuka m'mawa, anasamba, anavala malaya, kenaka jekete, m'dongosolo lake. Ndinawaona akupapasa pamtanda wa denga, uku ndi uku.

"Mwana wangu, kabokosi kali kuti?"

Bodza linali pafupi. Ndikanatha kunena kuti akukapaka utoto, kapena kuti msomali wina wazuka. Koma tsiku limenelo maso awo anali oyera, a bambo anga enieni, ndipo amenewo sindinawanamizepo n'kupambana.

"Kali kwa alongo aja oyambitsa nyimbo, Ada. Akulu ampingo atero."

Anatsitsa dzanja. Anakhala pa mpando wawo n'kuyang'ana zala zawo kwa kanthawi.

"Ndinalakwitsa?"

"Munalakwitsa, Ada."

"Ndinakhoza zingati?"

"Imodzi. Mwa zisanu ndi imodzi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga ankachitira akamachonga masileti a ana.

"Mwana wotere sakhala kutsogolo," anatero.

Tinapita ku tchalitchi. Atalowa sanapite pa benchi ya akulu ampingo. Anakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pamene pankakhala anthu odulidwa mgonero chifukwa cha mowa kapena mitala. Mnyamata wina amene anadulidwa chifukwa cha chigololo anasuntha mwamantha kuwapatsa malo. Akulu ampingo anabwera awiri kudzawapempha kuti abwerere kutsogolo, kuti malo awo palibe wawalanda. Anawathokoza mwaulemu, "Yewu, yewu," koma sanasunthe. Anakhala pamenepo Lamulungu lililonse, jekete yakuda ili pathupi, mpaka miyendo inakana kuwafikitsa ku tchalitchi.

Kuchokera kumene ndinkakhala ine, kuti ndiwaone ndinkayenera kucheuka anthu onse akundiona. Milungu yoyamba sindinkacheuka.